Khadi la Oyster likudya ndalama? Vuto limakhala potuluka

Funso: Zikomo akonzi. Mwezi wamawa ndikupita ku London kukaona mwana wanga, ndipo akuti ndikagule khadi la Oyster lokwerera sitima. Limagwira ntchito bwanji? Ndamvanso ena akudandaula kuti limadya ndalama. — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, khadili limayendera ndalama zimene mwathiramo, ngati mayunitsi a magetsi. Mukaligula pa makina a pa siteshoni, ngakhale pa bwalo la ndege la Heathrow pomwe, n'kuthiramo ndalama zosapitirira £90. Ndalamazo sizitha ntchito, mudzazipeza mukadzapitanso.

Pachipata cha siteshoni pali kachipangizo kachikasu kozungulira. Gunditsani khadi pamenepo polowa, mugunditsenso potuluka. Makina amawerengera mtengo poona kumene mwakwerera ndi kumene mwatsikira. Mukapanda kugunditsa potuluka, sadziwa kuti mwatsikira kuti, ndiye amangodula mtengo wokwera kwambiri. Kudya ndalama kuja n'kumeneku. Anthu ambiri amagwa nazo pa masiteshoni a DLR (sitima zing'onozing'ono za kum'mawa kwa London), kumene nthawi zambiri kulibe zipata ndipo kachipangizoko kamangoima pambali. Ngakhale mutapeza chipata chili chotsekula, gunditsanibe. Mu basi ndi pa tramu (sitima yoyenda mumsewu) pokha ndi pomwe mumagunditsa kamodzi, pokwera, ndipo mabasi a mumzindawu anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014.

Musagunditse kachikwama konse. Ngati muli khadi la kubanki, makina angadule kumeneko polowa n'kudula ku Oyster potuluka, maulendo awiri osamalizika, onse pa mtengo wokwera. Tulutsani khadi limodzi, lomwelo tsiku lonse. Mukatero mumapindula ndi malire a tsiku: mukafika pa ndalama inayake, maulendo otsala sadulanso. Koma mtengo wa chilango uja suwerengedwa pa malirewo.

Ngati simukuthamangira kanthu, pewani 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Sitima zimadula, komanso muima ulendo wonse. Khadi limodzi ndi la munthu mmodzi, simungadutsirepo awiri, koma adzukulu osafika zaka 11 amakwera nanu ulere pa sitima zapansi pa nthaka.

Oyster imafika ku bwalo la ndege la Gatwick, koma ku la Stansted ayi. Pobwerera kumudzi, ngati zotsala sizikupitirira £10, makina a pa siteshoni akubwezerani, koma khadilo lithera pomwepo.