Owomba m'manja pa maloboti a ku Delhi aja ndi ndani?

Mayi wina wandilembera imelo ali ku Delhi, komwe akudwazika mchemwali wawo. Akuti pa maloboti amakumana ndi anthu ovala sari (nsalu yomwe akazi a ku India amavala), a mawu aamuna, amene amawomba m'manja mwamphamvu n'kupempha ndalama. Akufunsa kuti: "Kodi si zachizungu zimenezi zalowerera Amwenye?"

Ayi mayi. Amenewo ndi ahijra, ndipo Angerezi pofika ku India anawapeza alipo kale. Ambiri anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala moyo wachikazi, ndipo ena sadziwerengera kuchimuna kapena kuchikazi. Amakhala m'nyumba zawozawo pansi pa mtsogoleri wotchedwa guru. Wolowa kumene, yemwe amati chela, amapereka kwa guruyo gawo la ndalama zomwe wapeza. Pakhomo pakabadwa mwana kapena pakakhala ukwati, amatulukira osaitanidwa kudzaimba, kuvina ndi kudalitsa, mwambo wotchedwa badhai. Eni khomo amapereka ndithu, ena mwaulemu, ena poopa temberero. Ine zimandidabwitsa kuti munthu yemwe akumupempha madalitso lero, mawa safuna kukhala naye mpando umodzi m'basi.

Chomwe azungu anabweretsa ndi lamulo lowazunza. Mu 1871 boma la atsamunda linakhazikitsa Criminal Tribes Act, yomwe inalamula kuti azilembedwa m'kaundula wa apolisi. Wolembedwayo akapezeka pagulu atavala zachikazi kapena akuvina, ankatha kukaseweza zaka ziwiri. Anthu amene ena a iwo ankalondera nyumba za akazi a mafumu a Mughal, omwe ankalamulira mbali yaikulu ya India ulamuliro wa Angerezi usanayambe, anasanduka zigawenga papepala.

Mu 2014 Khoti Lalikulu la India, pa mlandu womwe linasuma bungwe la boma lothandiza anthu pa za malamulo lotchedwa NALSA, linagamula kuti boma liwazindikire ngati gulu lachitatu, pambali pa amuna ndi akazi. Bangladesh inali itatero kale mu 2013. Lamulo la India la 2019 likuletsa kuwasala kusukulu, kuntchito ndi kuchipatala, koma ahijra ambiri linawakwiyitsa chifukwa limafuna kuti munthu akatenge kaye satifiketi yotsimikiza kuti ndi wa gululi kwa District Magistrate, yemwe ali ngati DC kwathu kuno.

Nanga bwanji akadali pa maloboti? Ambiri anathawa kwawo kapena kupirikitsidwa ndi makolo akadali achichepere, sukulu n'kuthera pomwepo. Olemba ntchito amawakana, eni nyumba za lendi nawonso. Chotsala ndi badhai, kupempha, ndipo kwa ena kugulitsa thupi.