Ndili ndi digiri ya za jenda koma ntchito palibe: ndibwereke ndalama ya masters?

Bambo mlangizi,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ndi mayi anga ku Mponela. Ndinamaliza digiri ya za jenda ndi chitukuko mu 2023. Makalata ofunsira ntchito amene ndatumiza akuposa 70, koma ku intavyu ndaitanidwako kawiri kokha. Ulendo wachiwiriwo unali wa ku Blantyre. Ya thiransipoti ndinalibe, ndiye ndinatenga K80,000 ya katapila n'kubweza K120,000 pakutha pa mwezi. Ntchitoyo sindinaipeze. Achibale akumandiseka kuti ndinapita kukaphunzira zolimbana ndi amuna. Kuti ndisamangokhala, ndimathandiza magulu anayi a amayi a banki mkhonde kuwerengera ndalama zawo, mwaulere. Anzanga akuti masiku ano digiri imodzi siyokwanira. Masters imene ndikufuna ikufunika pafupifupi K6 miliyoni, ndipo amalume akuti tikhoza kupereka puloti ya mayi ngati chikole. Kodi ndi banki iti imene ingandibwereke pa chiwongoladzanja chochepa?

Wotopa ndi kudikira, Mponela

Achemwali,

Dzina la banki sindikupatsani, ndipo puloti ya mayi anuyo muisiye pomwe ili.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo kufika pa 26 peresenti, ndipo iwo pobwereketsa munthu ngati inu amaonjezerapo pawo. Tingoti 30. Pa K6 miliyoni, chiwongoladzanja chokha ndi K1.8 miliyoni pa chaka, kutanthauza K150,000 mwezi ndi mwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Inuyo K80,000 yokha inakusowani mpaka munakagogoda kwa wakatapila. K150,000 imeneyi idzachokera kuti pa zaka ziwiri zimene mudzakhale m'kalasi? Idzachokera pa puloti. Amalume akulankhula mosavuta chifukwa malowo si awo. Inu munaphunzira momwe amayi amatayira malo ndi katundu, mukulidziwa lamulo la 2011 la chuma cha masiye limene linaletsa kulanda katundu. Zingandipweteke kumva kuti mayi anu achoka pamalo pawo chifukwa cha pepala limene anadinda chala pofuna kuthandiza mwana wawo. Ndipo ngati munaphunzira ndi ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite, kumbukirani kuti nayonso ikukudikirani.

Za katapila uja sindichulutsa, mwamumva kale kuwawa kwake. K40,000 pa K80,000 m'mwezi umodzi ndi theka lathunthu. Kukhala naye chaka, ndiye kuti phindu lokha lakwana ndalama munabwerekayo kasanu ndi kamodzi. Musadzabwererekonso, ngakhale intavyu itakhala ya ku ofesi yokongola bwanji.

Anzanu akunena za masters aja sanayang'ane mzere umene mukufuna kukaimawo. Kuyambira Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, n'kudzatsekeratu bungwe lake lopereka thandizolo la USAID, mapulojekiti ambiri a mabungwe kuno anatha kapena kuchepa. Anthu amene anachotsedwa kumeneko ali ndi masters kale, kuphatikizapo zaka khumi za ntchito. Malonda a ntchito ya "Gender Officer" akatuluka mu nyuzipepala, ndi iwowo amene mukupikisana nawo. Mukabwera ndi pepala lachiwiri lopanda ntchito pansi pake, mwangosamuka kuchoka kumapeto kwa mzere wina kupita kumapeto kwa mzere wina, mutasenza ngongole.

Tsono mundimvetsere, chifukwa cholakwa chanu chachikulu si katapila, si masters ayi. Chili pa chiganizo chimodzi chimene mwachilemba ngati chongodutsa: magulu anayi a banki mkhonde. Kalata ngati yanu ndaiwerenga kambirimbiri, ndipo kawirikawiri chuma chimabisala pa mzere umene mwini wake akuuchitira manyazi. Mwandiuza zaka zanu, mwandiuza makalata 70, mwandiuza mtengo wa sukulu. Simunandiuze kuti amayiwo ndi angati, amasonkha zingati pa sabata, ngongole zatuluka zingati, zabwera zingati, zakanirira zingati. Ndikukayika ngati manambala amenewa muli nawo penapake. Ndikukayikanso ngati pa CV yanu pali mawu oti banki mkhonde.

Ndiyerekeze ndekha. Magulu anayi, amayi 20 pa gulu, ndi anthu 80. Aliyense akamagula masheya a K5,000 pa sabata kwa masabata 48, ndi K240,000 munthu mmodzi. Onse pamodzi ndi ndalama yoposa K19 miliyoni. Ngati ndakokomeza, dulani pakati, mutsalabe ndi K9 miliyoni ndi kanthu. Ndalama yoposa ya masters yanuyo ikudutsa pansi pa cholembera chanu chaka chilichonse, inu n'kumadzitcha lova.

Ndimadziwa momwe zimakhalira tsiku logawana mu Disembala. Amayi akhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, bokosi la maloko atatu lili pakati, osunga makiyi atatu abwera aliyense ndi yake yomanga pa ngodya ya chitenje. Ndalama zathiridwa m'beseni. Mlembi akuwerenga timabuku, wina masitampa ake afufutika ndi mvula, wina akuti anabweza mu Ogasiti koma palibe pamene panalembedwa. Mkangano wayamba. Kenako onse atembenukira kwa inu, mtsikana wa sukulu, mutenga foni n'kuwerengera mtengo wa sheya imodzi, aliyense alandira zake, nthungululu. Inu mubwerera kunyumba ndi zikomo ndi botolo la Fanta, pepala lowerengera lija mayi ayatsira mbaula. Chaka chathunthu cha ntchito chapsa pamenepo.

Ine nkhani ya kalembera ndimaikakamira, ndipo sindisiya. Wageni wa tomato amagwa chifukwa salemba. Wa golosale amadya mpamba osadziwa chifukwa salemba. Wofuna ntchito nayenso ndi chimodzimodzi: amagwira ntchito, osasiya umboni. Ndinakhalapo pa gulu lofunsa anthu ntchito pa bungwe lina lobwereketsa ndalama. Analowa achinyamata ambiri, aliyense akunena kuti amakonda kutukula amayi. Mmodzi yekha anatulutsa kope lachikuto cholimba, lakuda m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, n'kutsegula tsamba limene analemba magulu ake, ndalama zobwerekedwa mwezi uliwonse, ndi zifukwa za amene anachedwa kubweza. Mafunso athu onse anathera m'kope limenelo. Magiredi ake sanali oposa a anzake, koma ndi iye amene tinamutenga.

Gulani kope lotero. Pa msonkhano uliwonse lembani tsiku, gulu, obwera ndi ojomba, masheya ogulidwa, za thumba la zadzidzidzi, ngongole zotuluka, zobwezedwa, zochedwa. Lembaninso maola amene mwakhalapo. Kenako onjezerani mafunso amene mlembi wamba sangawaganize, amene inu munapitira ku yunivesite. Ngongoleyi akagwiritsa ntchito yanji: geni, feteleza, fizi, kuchipatala? Anaganiza zobwereka ndani, mayiyu kapena bambo akunyumba? Ndalama yogawana ija ikafika pakhomo imakhala m'manja mwa yani? Ndi angati anabwerekera amuna awo n'kutsala akubweza okha? Funsani mwaulemu, mutawafotokozera chifukwa chake ndipo atavomera, ndipo mayina awo asatuluke m'kopemo. Pakatha miyezi itatu lowetsani zonse mu Excel, mulembe lipoti la masamba awiri. Phunziraninso KoboToolbox, ndi yaulere, ndipo ndi imene mabungwe ambiri amatolera nayo mayankho pa foni akamachita kafukufuku m'midzi. Lipotilo mukalionetse kwa mlangizi wa chitukuko wa dera lanu ndi ku ofesi yoona za jenda ku khonsolo ya Dowa. Pemphani kalata yodinda yochokera kwa apampando a magulu ndi kwa amfumu yonena kuti mwagwira nawo kuyambira liti. Zimenezi zikakhala pamwamba pa CV, wowerenga amaona munthu amene wagwirapo ndalama za anthu ndi nkhani za m'mabanja mwawo osawononga.

Ndipo mawu oti mwaulere aja achoke. Banki mkhonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo pamene inkafalikira panakhazikitsidwa malo a munthu wa m'mudzi wophunzitsa ndi kuthandiza magulu, amene maguluwo amamulipira okha. Simukhala mukuyamba zachilendo. Kambiranani nawo pa msonkhano, zilowe m'malamulo a gulu: tinene K5,000 pa gulu pa mwezi, ndi K20,000 tsiku logawana. Pa magulu anayi ndi K20,000 pa mwezi, K80,000 mu Disembala. Mukawafikitsa khumi, pakuti Mponela yonse yadzaza ndi magulu ovutika ndi masamu, ndi K50,000 pa mwezi. Si malipiro a munthu wa digiri, ndikudziwa. Koma ndi bandulo ya intaneti, fotokope, ndi thiransipoti ya intavyu yotsatira popanda kugwada kwa wakatapila. Gulani buku la malisiti, aliyense wokulipirani alandire lake. Ndalamayi ikayamba kuoneka, achibale amene akukusekani lero adzafika ndi mavuto awo. Muikiretu gawo la pakhomo, mulipereke kwa mayi, zotsalazo ndi za kusaka ntchito ndipo musazikambirane ndi wina aliyense.

Za kumene mukufunsira. Makalata 70, mayankho awiri: ndiye kuti ndi kalata imodzi yomweyo imene mwangoisintha adiresi, ndipo mukuitumiza kokha kumene mutu wa ntchito uli ndi mawu oti jenda. Ntchito za maphunziro anu zambiri sizivala dzina limenelo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013, kupatula kunena kuti polemba anthu m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse, limafunanso kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanza zokhudza kugonana. Wina ayenera kuilemba ndondomekoyo, kuphunzitsa antchito, ndi kulandira madandaulo. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje ndi makopaletivi ogulitsa kunja pansi pa chizindikiro cha Rainforest Alliance, bungwe loona za ulimi wosamala chilengedwe ndi antchito, amafunika kukhala ndi munthu kapena komiti yoona za jenda, malinga ndi malamulo a bungweli a 2020. Mapulojekiti a misewu, madzi ndi ulimi wothirira a ndalama za World Bank amafuna anthu oona za chitetezo cha anthu a m'deralo, ndipo ntchito yawo yaikulu ya tsiku ndi tsiku ndi kusunga buku la madandaulo: wadandaula ndani, liti, zatha bwanji. Mwaona, ndi kope lomwe lija. Ma SACCO ndi mabungwe a ngongole zing'onozing'ono makasitomala awo ambiri ndi amayi a m'magulu, ndipo munthu wodziwa chifukwa chimene mayi amachedwera kubweza ndi wamtengo kwa iwo. Palinso maganyu ofunsa mafunso a kafukufuku, a ku National Statistical Office ku Zomba ndi a makampani ena. Ndi a masabata ochepa, koma amalipira, ndipo woyang'anira akaona kuti mafomu anu ndi aukhondo amakuitananinso. Fufuzaninso ku ofesi ya zantchito za pulogalamu ya boma yoika omaliza maphunziro m'maofesi kuti aphunzire ntchito, imene inayamba mu 2018.

Pa mwezi tumizani makalata asanu okha, koma iliyonse ikhale yolembera malo amenewo, ndipo ndime yoyamba inene manambala a magulu anu. Wina akakuimbirani kuti ntchito ilipo koma mutumize kaye ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, dulani foni. Ameneyo ndi wakuba.

Masters sindikuikana, ndikukana yogula ndi puloti ya mayi. Ilipo yolipiriridwa. Chevening, pulogalamu ya boma la Britain yolipirira anthu masters, imatenga Amalawi chaka ndi chaka, koma imafuna zaka ziwiri za ntchito, maola 2,800, ndipo ntchito yongodzipereka amaiwerengera. Magulu anayi, maola atatu pa gulu pa sabata, ndi maola pafupifupi 600 pa chaka. Paokha sakwana, koma kuphatikiza ndi maganyu a kafukufuku ndi chaka chimodzi cha mu ofesi mukhoza kufikapo. Adzakufunsani kuti munayamba liti, munkagwira maola angati, angakuchitireni umboni ndani. Zaka zimene mwathandiza amayiwa kale zikanakhala zolembedwa, bwenzi lero muli patali.

Zakalezo zisatayike zonse. Timabuku ta mamembala ndi buku la mlembi la chaka chathachi mwina zikadali m'mabokosi muja. Pa msonkhano wa sabata ino pemphani apampando akuloleni kukopera manambala ake m'kope lanu latsopano, gulu ndi gulu. Amalume muwauze mwaulemu kuti nkhani ya chikole mwaiimika. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, ndipo kalatayo iyambe ndi chiwerengero cha amayi, ndalama zonse zimene asonkha, ndi ngongole zimene sizinabwezedwe.