Asilikali akagalukira akuluakulu awo, a ku Cambodia amati chiyani?

Mayi wina anditumizira imelo sabata yatha. Akuti akuwerenga mbiri ya dziko la Cambodia ndipo akumana ndi mawu a Chingerezi akuti mutiny. Akufuna kudziwa tanthauzo lake, komanso mmene amanenera m'Chikhmer, chinenero cha kumeneko.

Zikomo mayi, funso lanu landigwira mtima. Mutiny ndi pamene asilikali, kapena amalinyero a pa sitima, agwirizana kukana malamulo a akuluakulu awo, mwinanso mpaka kuwalozetsa mfuti. Msilikali mmodzi akathawa usiku, kumeneko n'kuthawa chabe. Pafunika gulu, ngakhale la anthu awiri okha.

A Khmer amanena kuti ការបះបោរ, mawu omveka ngati "kaa bah bao". Koma chenjerani: mawuwa ndi otambalala ngati athu akuti kugalukira. Alimi akaukira boma amawatchulanso momwemo. Ndiye polemba muzitchula amene agalukira ndi amene awagalukira. Kulanda boma kuli ndi dzina lakelake, រដ្ឋប្រហារ, ndipo zimandiwawa ndikaona omasulira akusakaniza ziwirizi, chifukwa m'mbiri ya Cambodia zinachitika motsatizana mwezi umodzi.

Pa 14 Malichi 1970, sitima ya ku America yotchedwa Columbia Eagle inali pa ulendo wopita ku Thailand itanyamula mabomba oyatsa moto otchedwa napalm a nkhondo ya ku Vietnam. Amalinyero awiri odana ndi nkhondoyo, Clyde McKay ndi Alvin Glatkowski, anatulutsa mfuti n'kugwira woyendetsa sitimayo. Ananamiza anzawo kuti bomba latsala pang'ono kuphulika, ambiri n'kutsikira m'timabwato topulumukira, otsalawo n'kulamulidwa kukhotetsa sitima kulowera ku Sihanoukville, doko la ku Cambodia. Imeneyo ndiye mutiny yeniyeni, ngakhale sitimayo sinali ya asilikali, inangopatsidwa ntchito yowanyamulira katundu.

Anyamatawa ankadalira kuti boma la Norodom Sihanouk, mtsogoleri wa Cambodia pa nthawiyo, liwateteza. Koma pa 18 Malichi, Sihanouk ali kunja kwa dziko, anachotsedwa pampando, ulamuliro n'kupita m'manja mwa nduna yaikulu Lon Nol, yemwe ankagwirizana ndi America. Apa ndi pomwe mugwiritse ntchito mawu achiwiri aja. Amalinyero awiri aja anangozindikira ali m'manja mwa boma latsopano, atatsekeredwa. Glatkowski anabwezedwa kwawo, anazengedwa mlandu n'kumangidwa. McKay anathawa, ndipo kwawo ku America sanabwerereko.