Zoysia wanu sanafe, musamuyatse moto

Mayi wina wa ku Kalongwezi, ku Chipata, wandilembera imelo. Kapinga wake wa zoysia wauma mbuu kuyambira mu Julaye, ndipo mnyamata wosamalira pabwalo akuti amutenthe kenaka amwaze feteleza wa urea kuti aphukire msanga. Amayi, zonse ziwirizo ayi.

Nkhani ya motoyi imandikwiyitsa. Ife kuno tinazolowera lupsa: tchire likapsa mu Seputembala, msipu umatuluka, ndiye timaganiza kuti udzu uliwonse ndi choncho. Zoysia si tsekera wa kudambo. Kwawo ndi ku Japan, Korea, China ndi maiko oyandikana nawo, ndipo amayanga ndi timitsitsi tina toyenda pamwamba pa nthaka, tina pansi. Moto pa nthaka youma gwa umawotcha tapamwambato, ndipo popeza udzuwu umayala pang'onopang'ono, chigamba chopsa chomwe kapinga wathu wamba angatseke m'masabata ochepa chimatha dzinja lonse chili chidazi, dawe ndi chisoso n'kulowapo. Osanena za mpanda wa maluwa ndi mapaipi apulasitiki, mphepo ya Okutobala ikaugwira motowo.

Palinso zomwe anthu amawerenga pa intaneti. Zambiri ndi za ku America, kumene zoysia amagona chifukwa cha chisanu n'kudzuka mu Epulo. Ku Chipata kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumangomufooketsa; chomwe chimamusunga ali wouma mpaka Novembala ndi ludzu. Nthaka imakhala itatentha kale Seputembala akamayamba. Wotsata kalendala ya kunja amathira feteleza nthawi yolakwika, kenaka n'kumanena kuti anamugulitsa udzu wabodza.

Ndipo fetelezayo! Si chimanga ichi. Mukamudyetsa kwambiri amaunjika mphasa ya zouma pansi pa masamba, madzi osalowa, chiswe n'kupeza pobisala, ndipo kukachita chinyezi kumabwera matenda a mafangasi omwe amajambula zigamba zozungulira zachikasu m'mbali. Urea womwazidwa osathirira, wina amauluka ngati mpweya, wina n'kupsereza masamba.

Zochita

Yambani mwaona ngati ali moyo. Zulani kamtsitsi koyanga, kandani ndi chikhadabo: kakakhala kolimba, koyera kapena kobiriwira mkati, udzu wangogona. Kakathyoka ngati phesi, pamenepo pafa, mudzadzalepo timagawo ta dothi ndi mizu yomwe mvula ikakhazikika.

Tchetchani kamodzi motsitsa, masentimita 2 kapena 2.5, mupale zouma zonse ndi leki. Mpeni wa makina unoledwe, chifukwa masamba a zoysia ndi olimba ndipo mpeni wobuntha umangowang'amba, nsonga n'kuyera. Chikwakwa chimadula mosafanana, mpaka kusenda nthaka potumphuka.

Kenaka werengani madzi anu moona mtima. Pamafunika mamilimita 25 pa sabata, kutanthauza malita 25 pa sikweya mita. Bwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi limamwa malita 2,500, pafupifupi migolo 12 ya malita 210. Madziwa agaweni pawiri, muthire kawiri pa sabata m'mamawa, mutaika chitini chopanda kanthu pakati kuti muone kuchuluka kwake. Ngati chitsime kapena bilu ya madzi sizilola, musiyeni agone, muzingonyowetsa bwino kamodzi pa masabata atatu kapena anayi mpaka mvula. Kuwazawaza tsiku ndi tsiku kumamudzutsa popanda chomusunga, ndipo chizimalupsa chisakunyengeni kuti dzinja lafika.

Feteleza adikire mpaka theka la bwalo litabiriwira: kilogalamu 1 ya urea pa masikweya mita 100, masamba ali ouma, n'kuthirira nthawi yomweyo. Bwerezani mu Januwale, lekani pofika Malichi. Potchetcha pa dzinja siyani masentimita 3 mpaka 5, osadula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake.