Mukafuna nsomba ya kumene ku Chembe, lawirirani ku doko

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kukadyera nsomba kumalo ogona alendo kapena m'mudzi mukakafika ku Cape Maclear, komanso momwe mungadziwire kuti nsombayo ndi ya tsiku lomwelo. Yankho langa ndi lakuti malo odyera ali ndi gawo lochepa pankhaniyi, chifukwa chimene chimalamulira zonse ndi nthawi imene mwafika pa doko.

Mudzi wa Chembe, umene uli ku Cape Maclear komweko, uli kufupi ndi Monkey Bay m'boma la Mangochi, ndipo wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. N'chifukwa chake mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene mukaone m'miyala ya pachilumba cha Thumbi, n'toonera basi, si ndiwo ayi.

Asodzi ambiri a kumeneko amapha usipa usiku pogwiritsa ntchito khoka lotchedwa chilimira. Munthu amene amamutcha siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali zowala kwambiri, usipa n'kusonkhana pansi pa kuwalako, kenako anzake amauzinga ndi khoka. Pa chifukwa chimenechi, mwezi ukakhala wathunthu nyali zija sizikoka nsomba mokwanira, ndipo mabwato amabwerera opepuka. Mphepo ya mwera nayonso, imene imalimba m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, imatha kutsekereza asodzi kumtunda masiku angapo. Choncho musanasankhe tsiku la ulendo, yang'anani kaye kumwamba, ndipo muyambe ulendowo mwezi uli mumdima.

Mukafika, dzukani kusanache bwinobwino mukaime pamchenga pamene mabwato akukocheza, chifukwa dzuwa likangotentha amalonda amakhala atagula kale ndowa zonse, ndipo usipa umakhala utayanikidwa pathandala kapena utafutsidwa. Nsomba yabwino imakhala ndi maso owala osalowa m'kati, pomwe imapumira pamakhala pofiira, ndipo mukaidina ndi chala mnofu umabwerera msanga. Ikamanunkha kwambiri, isiyeni ngakhale wogulitsayo alumbire motani.

Pano ndinene maganizo anga, ngakhale ena angatsutse. Alendo ambiri amalimbikira chambo, koma chambo chinachepa kwambiri m'nyanjayi poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, mtengo wake ndi wokwera, ndipo chakumapeto kwa chaka, makamaka mu Novembala ndi Disembala, boma limaletsa makoka ena kuti nsombayi iswane. Wina akakutsatsani tichambo ting'onoting'ono nthawi imeneyo, mukane. Chimene simungachipeze mumzinda ndi usipa wauwisi umene unali m'madzi maola awiri apitawo. Ife a ku Lilongwe ndi ku Blantyre tinazolowera wouma, umene nthawi zina umawawira n'kumalumitsa mchenga, koma wauwisi ukaphikidwa ndi tomato, anyezi ndi mchere pang'ono, umafewa moti simuvutika ndi minga, ndipo msuzi wake umatha ndi nsima mtanda wachitatu usanakwane. Kampango nayenso ndi wabwino kwa ana chifukwa alibe mamba ndipo minga yake ndi yochepa, pamene ncheni amakoma akaotchedwa pamakala n'kufinyiridwa ndimu ndi tsabola wa kambuzi.

Za kophikira musade nkhawa, popeza malo ambiri ogona alendo amalola kuti muwapatse nsomba yanu akukonzereni pamtengo umene mungagwirizane, ndipo m'mudzimo muli amayi ophika nsima amene angachitenso chimodzimodzi. Gwirizanani mtengowo moto usanayatsidwe. Muwapemphenso kuti atsukire nsombayo madzi a pampopi kapena a pamjigo, osati a m'mphepete mwa nyanja momwe anthu amachapira ndi kusamba, ndipo ngati ana anu akasambe m'madzi osaya, mukawatengere kuchipatala mukadzabwerera kuti akawayeze likodzo, chifukwa matendawa amapezeka m'derali.