Yankho kwa achimwene pa nkhani ya futari

Asalamu alaikum achimwene, voice yanu ija ndaimva, pepani ndachedwa kuyankha ndinali kumoto. Ndiye mukuti mwangosala masiku 9 okha a Ramadhani koma mimba ikumalemera ngati mwameza mwala, pa Tarawehe, swala ya usiku ya mu Ramadhani ija, mukuwodzera chiimire, kukacha chilungulira ndi ludzu losaneneka kuntchito, ndiye mukufunsa ngati ali matenda. Ine mmene ndamvera zomwe mwatchula kuti mukumadyazo, vuto si swaumu, kusalako, ayi, vuto ndi mbale ya futari yomwe mukumamasulira pa Magharibi dzuwa likalowa.

Taonani, mwati kumzikiti kwanu ku Johannesburg uko adhana yoitanira kuswala ikangomveka mukumalandira haleem, supu wa nyama ndi tirigu uja, ndi masamusa, ndiye mukafika kunyumba nsima yankhuku, Fanta wa 2 litre pakati pa anthu atatu, kenako tiyi ndi mandasi, eee achimwene mimba yomwe yakhala yopanda kanthu maola oposa 12 ndiye muithire zonsezo nthawi imodzi? Singakwanitse. Ubongo umatenga mphindi ngati 20 kuti uzindikire zoti munthu wakhuta, ndiye ukamadya mothamanga ndi njala ya tsiku lonse umadzazindikira utapyola kale. Tulo ta pa Tarawehe tikuchokera pamenepo. Chilunguliracho ndi mafuta a zokazinga zija komanso kugona mimba ili ndiii.

Mukukumbuka mmene ankachitira agogo kuno ku Mangochi? Madzi kapu imodzi, kaphala ka mpunga pang'ono, basi nkudzuka kukaswali Magharibi, nsima ndi usipa zimabwera pambuyo mtima utakhala pansi, ndipo Tarawehe amaima mpaka kumapeto nkhalamba ija osakhala pansi olo kamodzi. Ndi sunna imeneyotu, Mtumiki, swallallahu alaihi wasallam, ankamasula ndi tende zochepa, zikasowa madzi, kenako swala. Ndipo anatiphunzitsa kuti ngati munthu sangachitire mwina mimba aigawe patatu, gawo lina chakudya, lina madzi, lina mpweya. Mu Qur'an momwe, Surat Al-A'raf ndime 31, Allah akuti idyani ndi kumwa koma musapyole malire. Ine zimandikhudza kwambiri izi, chifukwa mwezi womwe tikuyenera kumva njala ya osauka ndi womwe mmakomo ambiri tikumataya nsima yotsala mmawa uliwonse, pomwe khomo lachitatu lokha pali wina wamasula ndi madzi okha.

Ndiye yesani chonchi mawa. Kumzikitiko tende zitatu, madzi, haleem pang'ono, samusa imodzi osati zisanu. Kunyumba mitanda iwiri ya nsima ikukwana, masamba achuluke, mchere muchepetse chifukwa ludzu la masana lija kwambiri ndi mchere ndi zotsekemera. Fanta musiyeni kaye, madzi muzimwa pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka daku, chakudya cha mbandakucha chija, osati kugugudiza jagi yonse kutatsala mphindi 5 kuti nthawi ya swala ya Fajir ilowe, amenewo amangodutsa.

Daku musamalumphe chonde, ndamva mukuti mumagona wokhuta ndiye 4 koloko simufuna kanthu, ndi mmene zimakhalira ukadyeratu zonse madzulo. Inu ntchito yanu ndi yonyamula matumba a simenti padzuwa, mukufunika phala la oats kapena la mgaiwa lothira chiponde, dzira, nthochi, mbatata ngati ikupezeka, zimenezi zimakhalitsa mmimba. Mukadya musagone pompo, khalani tsonga kaye mpaka muswali.

Koma ngati mutasintha kadyedwe masiku atatu anayi chilungulira osasiya, kapena mmimba mukuwotcha ngati zilonda, chizungulire, pitani ku kiliniki akakuyezeni shuga ndi BP, musaiwale bambo shuga anali nayo. Wodwala analoledwa kumasula nkudzabweza masikuwo pambuyo, zili mu Surat Al-Baqarah ndime 185, palibe tchimo pamenepo.

Amayi ali pompano akumva, akuti muwauze alamu asamakazinge tsiku lililonse. Mundiuze Lachisanu mmene mwadzukira, ndithamange kaye mpunga ukupserera.