Disiki ya laputopu yakufayo igulireni casing

Achimwene, mwati laputopu yanu yafa board, wokonza wakuuzani kuti bola kugula ina, ndiye mukufunsa ngati hard disk yake ya 500GB ingagwire ntchito ngati external, disiki yosungiramo zinthu yolumikiza kunja kwa kompyuta. Ingagwire bwinobwino, ndipo si ntchito yoti mulipirire munthu. Chofunika ndi kabokosi kamene ogulitsa amakatchula casing, ena amati enclosure. Mumalowetsamo disikiyo, kuseri kwake n'kulumikiza chingwe cha USB, basi.

Koma musapite kukagula musanayitulutse disikiyo n'kuyiona ndi maso. Zimitsani laputopu, chotsani chaja ndi batire, masulani tizomangira ta pansi, ndipo isololeni mofatsa osagwira tizitsulo ta pakamwa pake. Ngati ili yopyapyala, yaikulu ngati chikhatho, imeneyo ndi ya 2.5 inch. Ngati pakamwa pake pali mipata iwiri yathyathyathya, waufupi ndi wautali, ndi SATA, ndipo laputopu zambiri za zaka khumi ndi zisanu zapitazi zili choncho. Mukaona timano tazitsulo tambirimbiri m'mizere iwiri, ndiye kuti ndi IDE yamakedzana, casing yake ndi ina, yovutanso kupeza. Mwina mupeza kathabwa kochepa kotalika ngati chala. Ameneyo ndi M.2 SSD, ndipo alipo a SATA ndi a NVMe, omwe casing yake nthawi zambiri simafanana. Ine ndinagulapo yolakwika chifukwa chongofotokoza ndi pakamwa, wogulitsa n'kukana kundisinthira. Kuyambira pamenepo disiki ndimapita nayo m'thumba, ndikayesere pomwepo.

Sankhani ya USB 3.0, yomwe pakamwa pake nthawi zambiri pamakhala pa buluu. Ya 2.0 imatsika mtengo, koma imakwawa pa 30MB mpaka 40MB pa sekondi, pomwe ya 3.0 imalola disiki ya laputopu kufika cha m'ma 100MB. Tsiku lokopera mavidiyo a ukwati ndi pamene mudzaone kusiyana kwake. Za Orico ndi Ugreen ndazigwiritsapo ntchito osadandaula. Disiki ya 2.5 inch imakhuta ndi moto wa pa USB pomwepo. Ya desktop, ya 3.5 inch, imafuna 12V, choncho casing yake imabwera ndi adaputala ya pakhoma, ndipo magetsi akathima ili pakati polemba, mafayilo angawonongeke.

Pamene anthu ambiri amalira ndi apa. Mukayilumikiza koyamba, Windows ikhoza kukuuzani kuti disikiyo ikufunika format, kutanthauza kufufuta zonse zili m'menemo. Musadine. Mukavomera, zithunzi ndi mapepala a sukulu zomwe mukufuna kupulumutsazo zapita. Kanani, yesani pa USB ina kapena pa kompyuta ina. Ikatseguka, zanu zili mu foda ya Users, pansi pa dzina lomwe munkalowera. Ikakana kuti mulibe chilolezo, dinani Continue, dikirani pang'ono, itseguka. Ikafunsa kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki, ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri amakhala mu akaunti ya Microsoft yomwe munkalowera nayo. Popanda kiyiyo palibe katswiri angatsegule, ngakhale akulonjezeni chotani. Ikapanda kuonekera n'komwe, tsegulani Disk Management, gawo la Windows loonetsa madisiki onse, mwina yangosowa chilembo ngati E kapena F, muipatse.

Kopererani zonse zofunika kwina kaye. Kenako ikani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo muone thanzi la disikiyo. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution, kapena mukamva ikulira "ke ke ke" m'katimo, musaidalirenso. Kungoti nthawi zina kulirako kumabwera chifukwa moto ukuchepa, choncho yesani kaye chingwe chachifupi, molunjika pa kompyuta osadzera pa hub, kachipangizo kochulukitsa malo olumikizira USB.

Zikatero ndi pomwe mungafomate, kuti muchotse Windows yakale ndi timagawo take tomwe tikungodya malo. Pofomatapo ikufunsani mtundu wa format. Ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, sankhani NTFS. Ngati izidzapitanso pa Mac, exFAT. FAT32 isiyeni, simalola fayilo yoposa 4GB, ngakhale ma TV ena akale amawerenga yomweyo basi. Pa foni ndi kachingwe ka OTG, kolumikizira zinthu za USB ku foni, musayembekezere zambiri, mafoni ambiri alibe mphamvu yoyendetsera disiki yozungulira.

Kunena zoona, ine disiki yoti yatumikira kale zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi sindingaisungitse chinthu chomwe ndilibe kwina. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5400 pa mphindi, zina 7200, ndi kamkono kowerenga koyandama pamwamba pake. Ikagwa pa tebulo ikuyenda, nkhani yatha. Nyimbo, mafilimu ndi kope lachiwiri la zithunzi ziikeni m'menemo, koma masatifiketi ndi zithunzi za ana zikhalenso pa Google Drive, omwe amapereka 15GB yaulere. Ndipo muchenjere nako kubwereketsa. Ikangozungulira m'makompyuta a pa cafe ndi kokopetsa mafilimu, imabwerako ndi kavairasi kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Pochotsa, dinani Eject kaye, dikirani ileke kunjenjemera, kenako muzule chingwe.

Mukayitulutsa, jambulani chipepala cha pamwamba pake ndi pakamwa pake munditumizire, ndikuuzeni casing yeniyeni yoti mugule.